Timapepala ta pa kakyuleta ya bambo

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene mayi anatsegula sutikesi ya malemu bambo koyamba chiwaikire m'manda. Tinali titasamuka ku Nachisaka, kumene bambo ankagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi, n'kubwerera kwawo kwa mayi kufupi ndi Kasakula. Ine ndinali mu Fomu 3 pa sekondale yoyendera, ndipo aphunzitsi a masamu anali atanenetsa kuti aliyense abwere ndi kakyuleta. Zogula yatsopano kusitolo inali nkhani yosayambika pakhomo pathu. Ndiye mayi anapisa dzanja pansi pa malaya a bambo, amene ankamvekabe fungo la sopo ndi fumbi la m'minda, n'kutulutsa yawo.

Inali yakalekale, yolemera, yotuwa ngati phulusa. Sinali kakyuleta wamba. Bambo ankachita kuiphunzitsa ntchito: akayeza munda wa munthu ndi tepi ndi kampasi, ankangolowetsamo manambala a mbali zonse, iyo n'kuwauza kukula kwa mundawo. Ndili wamng'ono ndinkakhulupirira kuti m'kati mwake muli kamunthu. Pafupifupi pa batani lililonse panali kapepala kochepa ngati chikhadabo, komatidwa ndi selotepu, kolembedwa ndi dzanja la bambo. Timapepalato tinali titafiirira ngati fodya wa m'chigafa. Titaikamo mabatire atsopano inayaka ndithu, ngakhale kuti ntchito yoyeza minda ija inali itaiwala.

Aphunzitsi ataiona anaitembenuza uku ndi uku.

"Timapepala tonseti n'tachiyani? Wina akaona adzati ndi likasa. Pa mayeso a teremu ino sindilola chinthu cholembedwalembedwa chotere. Uchotse, apo ayi udzawerengera ndi mutu."

Sanali munthu wankhanza, lamulo ndilo linali lotero. Nditafika kunyumba ndinatenga lezala n'kukhala pakhonde. Ndisanakhudze n'komwe, mayi anandigwira pamkono mwamphamvu moti lezala linagwa.

"Siya. Mabuku a kuntchito anatenga a ku ofesi, zina zonse anagawana abale awo. Dzanja la bambo ako latsala pomwepa basi."

Mayi sankatha kuwerenga, koma zolemba za bambo ankazizindikira monga mmene munthu amazindikirira mayendedwe a mnzake ali patali. Ine mtima unandiwawa. Popanda kakyuleta masamu a Fomu 3 ndikanalephera, koma nawonso mayi ndinkawamvera chisoni.

Tsiku la msika tinapita kwa a Saidi, bambo wachikulire amene ankakonza mawotchi ndi mawailesi pakhonde la sitolo ya mng'ono wawo pa Kasakula. Tinawadikira kuti abwere kuchokera kumzikiti. Atakhala pa benchi yawo anamvetsera nkhani yonse osatidula pakamwa, kenaka anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa.

"Lezala likanakanda mabataniwa," anatero. "Sipiriti kapena petulo amadya pulasitiki yakale ngati iyi, imayera n'kuyamba kuthetheka. Mafuta ophikira amasungunula zomatira bwinobwino, koma akalowa m'pepala inki yonse imabalalika. Tsono mayi, mukufuna chiti, makinawa kapena timapepalati?"

"Zonse ziwiri, bambo."

"Ndiye kuti mukufuna chinthu chochedwa."

Anayamba achotsa mabatire. Anaphimba galasi la kakyuleta ndi kansalu kuti dzuwa lisalidetse, n'kuiika pa thabwa padzuwa kwa kanthawi, akumaikhudza ndi kuseri kwa dzanja kuti ingofunda koma isatenthe. Anati zomatira zakale zikafunda zimafewa zokha. Kenaka anasema kamtengo ka nsungwi, kopyapyala kuposa chotokosera m'mano, n'kukalowetsa pansi pa ngodya ya selotepu. Sankakoka. Ankangonyamula pang'ono, n'kudikira, n'kunyamulanso. Pamsika panali phokoso la ogulitsa kaunjika ndi fungo la chipisi, koma ife atatu tinali ngati tili m'chipinda cha wodwala.

Kapepala koyamba kanamatuka kathunthu. Mayi anapumira m'mwamba. Koma a Saidi sanapitirire. Anaika kamtengo kaja pansi n'kundisonyeza batanilo. Linali loyera, lopanda chilembo chilichonse.

"Waona, mwana wanga? Bambo ako sanamate timapepalati pokongoletsa. Zilembo za kufakitale zinafufutika kalekale ndi ntchito, ndiye iwo analemba zawo. Ndikamatula tonse lero, upita kwanu ndi chinthu chimene sungathe kuchiwerenga."

Anandiuza kuti ndibwerere nayo kunyumba, ndikaloweze pamene pali batani lililonse mpaka zala zidziwe zokha. Batani limene ndalidziwa ndi limene iwo adzamatule, lina ayi.

Ndinaona ngati akungondichedwetsa, poti mayeso ankayandikira. Komabe ndinachita zimene ananena. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kakyuleta ili pamiyendo, nditaiphimba ndi chitenje cha mayi. Ndinkapisa dzanja, kuwerengera osaona, kenaka n'kuvundukula kuti ndione ngati ndakhoza. Poyamba zinkatuluka zamanyazi zokhazokha. Koma kuyang'ana timapepala tija tsiku ndi tsiku kunandidziwitsa dzanja la bambo kuposa mmene ndinkalidziwira ali moyo: seveni wawo wodula pakati, folo wotseguka pamwamba, ndi mmene ankasindikizira bolopeni akafika kumapeto kwa chilembo.

Tsiku la msika lililonse tinkabwerera. A Saidi ankaphimba kapepala ndi chala chawo n'kufunsa kuti, "Apa pali chiyani?" Ndikakhoza, ankafunditsa n'kumatula. Ndikakayika ngakhale pang'ono, ankangoti, "Aka katsale." Kapepala kakachoka, ndi pamene ankadontheza kadontho ka mafuta pa thonje n'kupukuta zomatira zotsalira, n'kumaliza ndi nsalu youma kuti mafuta asalowe m'kati. Mayi ankalandira kapepala kalikonse ndi manja awiri n'kukaika m'kachitini ka mankhwala opaka kamene anakatsuka bwinobwino.

Kamodzi kokha kanang'ambika. Kanali ka pa batani lotulutsa yankho, limene bambo ankalidina kuposa onse, ndipo pepala lake linali litatheratu mphamvu. A Saidi anavula magalasi.

"Pepani mayi. Aka kandikanika."

"Palibe kanthu, bambo, mwayesetsa."

Mayi anatola zidutswa ziwirizo ndi nsonga ya chala n'kuziika m'kachitini. Pobwerera, titatsika chitunda n'kufika pakamtsinje, anakhala pamwala n'kuyamba kulira. Chichitikire maliro ndinali ndisanawaonenso akulira. Ndinakhala pambali pawo mpaka anasukusula kumaso n'kunena kuti tizipita.

Mayeso anafika m'nyengo yozizira, mapiri a Ntchisi ataphimbidwa ndi nkhungu. Aphunzitsi anayendera makakyuleta athu pakhomo la kalasi. Atafika pa yanga anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Tsopano ilibe chilichonse. Uziona chiyani pamenepa?"

"Ndikudziwa pamene pali zonse, aphunzitsi."

Anandibwezera. Ndinakhala pansi, zala zitauma ndi chisanu, n'kuyamba funso loyamba. Ndi pamenepo, m'kalasi muli zii, pamene ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachilabadire. Mabatani aja sanali osalala. Lililonse linali ndi kadzenje kosaya pakati, ndipo la yankho lija ndilo linali lolowa kwambiri. Chala cha bambo ndicho chinakumba timaenjeto, zaka zonse zija akuyeza minda ya anthu ku Nachisaka, asanaganize n'komwe zomatapo mapepala. Chala changa chinkalowa ndendende mmene munkalowa chawo. Misozi inalengeza, ndinapukuta ndi mkono wa juzi, n'kupitiriza kulemba.

Lero ndine munthu wamkulu, mayi anatisiya, a Saidi nawonso anapita. Ndakhala ndikuona mmene timathamangira kupala ndi kutsuka chinthu chakale kuti chioneke chatsopano, osayamba tafunsa kuti amene anamatapo kanthu ankafuna kuteteza chiyani. A Saidi anandiphunzitsa kufunsa funso limenelo, ndiponso kusachotsa chinthu ndisanasunge m'mutu zimene chikunena. Koma chimene ndinachedwa kuchimvetsa n'chakuti ine ndi mayi tonse tinkaopa pachabe. Tinkayesa kuti timapepala tikachoka ndiye kuti bambo achoka nato. Sitinkadziwa kuti pamwamba paja panali zolemba zawo chabe, koma chala chawo chenichenicho chinali pansi.