Telala Wopanda Chipsera

Anthu amamutchula Wamwayi, koma mwiniwake dzinali amadana nalo koopsa. Linayamba tsiku limene nyumba yawo inapsa. Iye, telala wa pakhonde la golosale, analowa mu utsi n'kukoka mng'ono wake, natuluka wopanda ngakhale kabala. Mng'onoyo ndiye anapsa mkono wonse mpaka paphewa.

Ndiye taonani kukondera kwa anthu! Odzazonda ankangomupatsira Wamwayi majumbo a zipatso kuti akapereke kwa wodwala. Achipatala anamupezera mng'onoyo mlangizi woti azicheza naye Lachinayi lililonse. Chaka chisanathe, mtsikana anayambanso kuseka, kukoleza mbaula, mpaka kuvala malaya odula manja, chipsera chili poyera.

Chipseracho Wamwayi ankachiyang'ana ndi nsanje, inde nsanje yeniyeni, yochititsa manyazi. Iye akangomva fungo la simbi yotentha pansalu, ankakumbukira utsi wa tsiku lija, n'kuisiya simbiyo. Anayamba kupereka zovala zosasita. Makasitomala anati telala walowa ulesi, ndipo mmodzimmodzi ankasamukira kwa mnzake wa patsidya pa msewu. Nanga akanawaonetsa pati pomwe pankapweteka?

Lachinayi ankatseka makina n'kuperekeza mng'ono wakeyo, poti mtsikanayo ankakakamira kuti yekha sangapite. Wamwayi ankatsala pabenchi panja, nkhope ili gwa, akumva kuseka kwa m'katimo.

Tsiku lina atangofika pabenchipo, zinamukwana.

"Iwe unachira kalekale. Ukufunanso chiyani kuno, kunyengereredwa? Ena ntchito ikutithera m'manja."

"Ndinachiradi, achemwali. Alangizi anandiuza kale kuti ndikhoza kusiya."

"Ndiye ukunditayitsiranji nthawi?"

Mng'onoyo anayang'ana pansi.

"Timagona chipinda chimodzi, achemwali. Kutulo mumakuwa dzina langa, mumati simukundipeza. Ndikanati mubwere panokha, mukanandilalatira. Ndiye ndimati mwina mukazolowera benchiyi, tsiku lina mudzalowa."

Wamwayi anafuna kumukalipira, koma mkwiyo unamuthera. Miyezi yonseyo ankayesa kuti palibe amene akumuona, chonsecho amene ankamuona ndi yemwe iye ankamuchitira nsanje.

Chitseko chinatseguka. Mlangizi, mayi wa magalasi, anasuzumira.

"Lero akulowa ndani?"

Mng'onoyo analanda chikwama cha mkulu wake, nakhala pabenchi, n'kuchiika pamiyendo.

"Pitani, achemwali. Lero ndidikira ndine."