Makina Oyezera Magazi a ku Chipatala cha Kwathu

Ndinachoka ku Sinda thonje litakanika zaka ziwiri zotsatizana. Msuweni wanga anandipezera ntchito ku Lusaka, yoyendetsa galimoto ya mabwana a zaumoyo. Amayi anandiperekeza mpaka pamsewu atamanga kansalu pamphumi, poti mutu unali utayamba kale kuwavuta.

Ku Lusaka ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya eni, wopanda wocheza naye. Ndiye makutu anga ankangokhala pa nkhani za m'galimoto. Mabwana ankati boma lakonza zoti chipatala chilichonse cha kumudzi chiziyeza anthu kuthamanga kwa magazi, mankhwala ake aulere. Ndikanakayika bwanji? Mitolo ya malipoti ochokera m'zipatalazo ndinkainyamula ndine, yodzaza manambala a anthu oyezedwa.

Ndinalembera mchemwali wanga Tisauke kuti apite nawo Amayi akawayeze. Ndinamuuza kuti asakagule mankhwala ku Katete, ndalama zomwe ndikutumizazo agulire malata. Yankho linali lalifupi: "Tapita, achimwene. Tili bwino."

Patatha zaka zitatu kunabwera telegalamu yoti ndifike msanga. Malata ndinawaona ndili kutali, akung'anima. Pansi pake panali Amayi pamphasa, mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka. Dzina langa analiyesa kawiri, osalimaliza.

M'mawa mwake ndinapita kuchipatala chathu. A Sakala, omwe ankaona odwala pamenepo, sanakangane nane. Anatsegula kabati n'kundionetsa makina oyezera kuthamanga kwa magazi, kapaipi kake katang'ambika.

"Makinawa anafa chaka chomwe anabwera," anatero. "Mapilitsi tinalandira kamodzi. Makalata talemba, tatopa."

"Nanga malipoti aja?"

"Pepala likapita lopanda manambala amatikalipira. Ndiye timangolembamo a m'mutu."

Mpaka lero ndikakumbukira mmene ndinkaifunditsira mitolo ija kuopa mvula, mtima umandiwawa.

Nditabwerera kunyumba ndinamufunsa Tisauke chomwe anandibisira. Anapitiriza kuwamwetsa Amayi phala, osandiyang'ana.

"Tinapita katatu, wapansi," anatero. "Koma inu munalemba ngati munthu woti waona ndi maso. Ife tikanatsutsa bwanji a ku Lusaka?"

Anthu anabwera ambiri kudzazonda matenda. Ndinkawafotokozera za makinawo mokalipa, iwo n'kumangogwedeza mitu mwaulemu, kenako n'kufunsa za mtengo wa feteleza. Mudzi wonse unkadziwa kalekale. Wodabwa ndinali ine ndekha.