Tsiku limene amalume anavula malaya pa kwale

Chisoti chija chinali chachikasu, cholimba ngati chigoba cha kamba, ndipo pamphumi pake panali kachitsulo kokolekapo nyali. Amalume anabwera nacho kuchokera ku Joni, kumene anathera unyamata wawo wonse ali pansi pa nthaka. Anabweranso ndi njinga, jombo ndi chifuwa. Njinga inatha, jombo zinang'ambika, koma chifuwa sichinawasiye. Chisoticho chinkakhala pamsomali m'nyumba mwawo, ndipo mwana ukangochikhudza unkalandira khofi. Ine ndinalandirapo, khutu linalira tsiku lonse.

Inali nyengo yachilimwe, tchire litapsa, mphepo ikuuluza phulusa mpaka m'maso. Kumtunda kwa mudzi wathu, cha ku Lizulu, kuli kwale yakale, dzenje lalikulu limene anaswamo miyala ya msewu ine ndisanabadwe. Pansi pake pankadikha madzi obiriwira, ndipo amayi ankatunga pomwepo kuthirira kabichi ndi mbatata ya kachewere m'dimba mwawo.

Tsiku lina kunafika galimoto ya boma. Munatuluka anthu onyamula chipangizo cha miyendo itatu ndi ndodo zopaka utoto wofiira ndi woyera. Anazungulira dzenje lija, kuyeza, kugumula timiyala n'kuponya m'timatumba, kenako anati abweranso Lachisanu. Aphunzitsi athu, amene ankadziwa zinthu asanazimve, analengeza kuti kukutsegulidwa mgodi. Mpaka lero ndikawakumbukira mtima umanditentha. Munthu wophunzira bwinobwino, osafunsa kaye, kumangobwebweta!

Amayi anada nkhawa ndi madzi awo. Koma amalume anatsitsa chisoti pamsomali n'kuchikwecha ndi phulusa mpaka chinawala. M'mawa uliwonse ankakwera phiri, ati atsegule mapapo. Akamadutsa kuseri kwa nyumba yathu mpweya wawo unkalira ngati pampu ya njinga yakutha. Ankatafuna jinja, ankafukiza masamba a bulugama atafunda bulangete, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, mudzafera m'njira inu," amayi ankatero.

"Mlongo, mgodi wandipeza pakhomo. Ndizingokhala pakhonde, kumadyetsedwa ndi iwe ngati mwana wa nkhunda?"

Nkhani inali pamenepo. Munthu amene kale ankatumiza mabulangete mudzi wonse tsopano ankadikira mbale yochokera kwa mlongo wake, ndipo ankafuna kuti alembedwenso ntchito.

Lachisanu mudzi wonse unakwera kukwale. Galimoto itangoima, madoda onse amene anapitako ku Joni anachita zomwe ankazidziwa. Anavula malaya, naima pamzere zifuwa patsogolo, monga ankachitira kwa olemba anthu a kumigodi, kumene dokotala ankagogoda pachifuwa asanakulole kukwera ulendo. Anthu a imvi, nthiti zili poyera, dzuwa likuwaphulika pamsana.

"Bisani nthitizo madala, agalu angakutsateni!" anakuwa mayi wina, anthu n'kufa nacho chiseko. Kwathu timaseka chilichonse, ndi khalidwe limene limandinyansa.

Amalume anali poyambirira pa mzere, chisoti kumutu, milomo atatseka kuti chifuwa chisatuluke. Ndinaona mitsempha ya pakhosi pawo itatupa, maso akulengeza misozi, koma anaima nji.

Mkulu wa oyeza aja anali munthu waulemu, ndisamunamizire. Anavula kapusi, nawomba m'manja. "Pepani makolo anga, valani malaya. Ife sitikulemba anthu. Tikulemba maenje kuti akhale pamapu, amene akugwira ntchito ndi amene anasiyidwa kalekale."

"Nanga lino?" anafunsa amalume, mawu akutulukira m'mano.

"Lino ndi losiyidwa, bambo. Mwala wabwino unatha."

Mnzake wa mkuluyo anapaka nambala yoyera pathanthwe, ntchito n'kuthera pomwepo. Aphunzitsi aja sanaonekenso, anali atazembera kunsi.

Amalume anagwedeza mutu. Kenako chifuwa chonse chimene anachimeza chija chinatuluka kamodzi. Anagwada atagwira mwala, kutsokomola, kutsokomola, mpaka analavula pafumbi chinthu chofiira. Amayi anafika msanga n'kufotserapo ndi phazi anthu asanaone. Madzi awo anali atapulumuka, koma sanamwetulire. Anatola malaya aja, kuwakung'untha, nawaveka achimwene awo n'kuwamangira okha mabatani.

Masiku ano ndikamva anthu pawailesi akutama chuma cha m'migodi ndimatseka. Maenje anawaika pamapu, chabwino. Nanga anthu amene maenjewo anawadya anawaika pati?

Potsika phiri amalume anandikodola. Ndinasendera mwamantha, khutu nditateteza. Iwo anavula chisoti n'kundiveka.

"Tenga, mphwanga. Koma usadzalowe nacho pansi."

Chinandiphimba mpaka pamphuno, chikununkha thukuta ndi jinja. Ndinathamanga nacho mudzi wonse, anzanga ali pambuyo kupempha kuti avaleko. Mvula yoyamba inagwa amalume titawaika kale. Koma tsiku limene anandiveka chisotilo ine ndinali mfumu ya ana onse, ndipo amayi atandifunsa chifukwa chake amalume andipatsa chisoti chawo, ndinayankha mosakayika kuti kuntchito yatsopano akawapatsa china.