Mdala wa Tambala mu Minibasi ya ku 25

Lachiwiri lapitali ndinavala nsapato zanga zakuda, zija ndimasungira maukwati ndi misonkhano ya anthu olemekezeka, n'kukwera minibasi pa Nsungwi, kwathu ku Eriya 25, kulowera m'tauni. Ndinapeza mpando wa pawindo, ndipo ndinati tsiku la lero layamba bwino.

Titafika pokhotera ku Mgona, minibasi inaima nthawi yaitali ndithu. Kondakitala anayamba walowetsa chitambala chofiira chomangidwa miyendo ndi kansanza, kenako mwini wake. Anali bambo woonda, wa ndevu za imvi, chipewa chofika m'maso. Dzanja lamanzere linagwira ndodo, mwendo wakumanja ankachita kuukoka.

"Madala, changu pang'ono! Anthu akuchedwa kuntchito awa," anatero kondakitala.

Mdalayo anadzakhala pambali panga, tambala wake n'kulowetsedwa pansi pa mpando, pa mapazi anga enieni. Tisanalowe n'komwe mumsewu waukulu wa ku Kanengo, tambala uja anachita zimene atambala amachita, ndipo pa nsapato zonse za mu minibasimo anasankha yanga yakumanja.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine pamaso pa munthu ndine wofatsa kwabasi. Ukali wanga wonse uli m'zala. Choncho ndinatulutsa foni.

Tili ndi gulupu ya pafoni ya ife amene tinamaliza limodzi kukoleji zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Mu gulupumo muli mesho wanga, Chawanangwa. Kwa inu amene simunagoneko m'hositelo, mesho ndi munthu amene unkagona naye chipinda chimodzi, wodziwa mkonono wako, fungo la sokosi zako ndi maina a atsikana onse amene anakukana. Chawa anali chimunthu cha mapewa, wosewera kumbuyo mu timu ya mpira, ndipo akakupatsa moni wa padzanja unkamva kuwawa mpaka nthawi ya nkhomaliro. Lero ndiye mchere wa gulupu yathu. Amatidzutsa m'mawa ndi nthabwala, amayambanitsa anthu pa nkhani za mpira, n'kudzawayanjanitsa yekha. Ine ndi iye sitidumphitsa tsiku osanyozana.

Ndinalemba kuti: "Abale, ndili mu minibasi ndi mdala wina wa tambala. Watichedwetsa pokwera, ndipo tambala wakeyo wandidalitsa nsapato."

Tinkhope toseka tinagwa ngati matalala. Tiyamike, adimini wathu wa ku 49, anati ndithokoze Mulungu kuti sinali mbuzi. Kenako Chawa anatulukira.

"Pepa mesho. Koma usamusiye mdala ameneyo, muuze mawu."

Nanga munthu ungaoneke wamantha pamaso pa mesho wako? Ndinayankha msanga: "Ndamuuza kale. Ndamukalipira moti minibasi yonse yangoti zii."

Zoona zake n'zakuti ndinali nditangosuntha phazi pang'ono, ndipo mdalayo atandicheukira ndinamwetulira ngati wolakwa ndine.

"Eya! Ameneyo ndiye mesho ndimamudziwa ine," analemba Chawa. "Wayankha chiyani?"

"Wapepesa. Akunjenjemera."

"Kupepesa kokha ayi. Akupukute nsapatoyo."

"Akupukuta pano," ndinalemba ine, wopanda ndi manyazi omwe.

Nthawi yonseyi mdala uja nayenso anali pafoni yake yosweka galasi, ataiika pabondo, akudina ndi chala chimodzi chakumanzere pang'onopang'ono ngati akusankha mpunga. Mapewa ake ankagwedezeka, ine n'kumati ndi mabampu. Ndinafika mpaka potembenuza foni yanga kuti asaone zimene ndikulemba.

Tikuyandikira pa 18, meseji ina ya Chawa inalowa: "Malaya a buluuwo akukukhala, mesho, koma kolala yapindika kumbuyo."

Ndinagwira kolala. Inali yopindikadi. Ndinayang'ana kutsogolo, ndinayang'ana kumbuyo, ndinasuzumira ngakhale pawindo kuona magalimoto odutsa. Pamenepo ndinamva mawu pambali panga, otuluka mokoka ngati lilime lalemera.

"Ukuyang'ana kuti, iwe? Bweretsa nsapatoyo ndipukute."

Abale anga, pansi pakanatseguka ndikanalowa, ndi mpando womwe.

Tandilolani ndiime kaye pamenepa, chifukwa ndikudziwa kuti mukundiseka, chonsecho nanunso muli m'magulupu otere. Wina ali mu ya kusekondale, wina ya kukoleji, wina ya kosi ya milungu ingapo imene anakachita ku Mponela koma gulupu yake ikadalipo mpaka lero. Tsono tandiuzani: mwa anzanu onse amene mumaseka nawo tsiku ndi tsiku pafoni, ndi angati amene mungawaloze pa chigulu cha anthu mumsika wa Kawale?

Nkhani zawo mumazidziwa, sindikukana. Mukudziwa amene wakwezedwa pantchito, amene mwana wake wavala gauni, amene wakhoma malata ku Gulliver. Koma nkhope? Tayang'anani zithunzi zimene taika pa manambala athu. Wina maluwa. Wina vesi. Wina mdzukulu. Wina waika kutsogolo kwa galimoto, mwinanso si yake. Ochepa amene aika nkhope zawo anasankha ya kale, ya nthawi imene mimba inali isanayambe kutsogolera. Changa chinajambulidwa pa ukwati wa mlamu wanga, tsitsi ndikadali nalo. Cha Chawa ndi mkango.

Ndipo nkhani zimene timauzanazo ndi zosefa. Mu gulupu mumalowa zinthu ziwiri, madalitso ndi maliro. Zapakati pake zilibe khomo lolowera. Ndani analembapo kuti abale ntchito yatha, ndasamukira ku Chinsapo? Ndani ananenapo kuti kunyumba kuno sitikulankhulana mwezi wachiwiri uno? Tikafunsana kuti mwadzuka bwanji, gulu lonse la anthu a shuga, a misana ndi a maondo limayankha kuti tadzuka bwino. Ndiye tsiku lina adimini akaika chithunzi cha kandulo timadabwa, n'kumati koma dzulo lomweli amalemba bwinobwino munthuyu.

Sindikunyoza magulupu. Yathuyi yapezera ana athu ntchito, yaperekeza anzathu kumanda mwaulemu, ndipo masiku ena ndi yokhayo imene imandiseketsa. Koma imatinamiza chinthu chimodzi. Umamva ngati wamuona munthu pomwe wangowerenga zala zake. Kale ukafuna kudziwa za mnzako unkapita kwawo, n'kukhala pampando wake, n'kuona wekha mmene akunyamulira kapu ya tiyi. Pano ulendo umenewo tinausiya, chifukwa timati tacheza kale m'mawa.

Tibwerere kwa mesho wanga.

Tinatsikira kudepoti. Kondakitala atatambasula dzanja kuti amuthandize, Chawa analikana n'kugwira phewa langa. Tambala ndinanyamula ndine. Anali wa kasitomala wake wina wa mumsika, ndipo titamupereka tinakhala pabenchi ya mayi wogulitsa tiyi ndi mandasi.

Apo ndi pomwe anandifotokozera. Sitiroko inamugwira zaka zingapo zapitazo, m'mawa wina akumanga tayi. Mbali yakumanja inafooka, ntchito inatha, nyumba ya ku 18 anaisiya. Anasamukira pa Mgona, kumene iye ndi mkazi wake akuweta nkhuku kuseri kwa nyumba. Kuchokera kwanga kukafika kwawo ndi ulendo woti munthu ungayende wapansi osatuluka thukuta. Ine nthawi yonseyi ndinkati ali ku 18. Chaka chilichonse gulupu ikakonza zokumana, iye ankalonjeza kuti afika ndi mbuzi yathunthu, koma tsikulo likakwana ankati waitanidwa kumudzi ku Rumphi.

"Koma iwe Chawa, bwanji sunanene?"

"Ndinene kuti mutani? Munditumizire timanja topemphera, kenako wina aike zigoli za dzulo?" Anaphwetera tiyi. "Mu gulupu muja ndimathamanga, mesho. Ndi malo okhawo amene palibe amandiuza kuti madala changu."

Ndinatafuna mandasi kwa nthawi yaitali kuposa mmene mandasi amafunikira.

"Nanga lero waululiranji?" ndinafunsa.

"Bodza lako linandikoka. Pamene unati ndikunjenjemera ndinapirira. Koma zoti ine Chawanangwa ndikupukuta nsapato yako? Ayi, ngakhale wodwala ali ndi malire."

Tinaseka mpaka mayi wa tiyi anatifunsa ngati tayamba kumwa m'mawa uno. Koma nkhani inali isanathe. Kumapeto kwa mwezi uno gulupu ikukumananso kwa Tiyamike, ndipo Chawa anali atayamba kale kukonza ulendo wake wa ku Rumphi. Ndinamuuza kuti ine kunama ndimatha, umboni wauona yekha, koma kukakhala pa phwando n'kumamva anthu akuti Chawa watithawanso, ine ndikudziwa kuti ali pa Mgona pompa akudyetsa nkhuku, sindingakwanitse.

Anayang'ana ndodo yake. Kenako anati: "Tijambule. Tione ngati anzakowo ali ndi maso kuposa iwe."

Mayi wa tiyi ndiye anatijambula. Poyamba Chawa anabisa ndodo kuseri kwa benchi. Kenako anaitenganso, anaiimika pakati pa maondo, anavula chipewa. Chithunzicho ndinachiika pagulupu osalembapo kanthu.

Woyamba kuyankha anali Tiyamike: "Ndi mdala wa tambala ujayu? Ndiye mwagwirizana mpaka tiyi?"

Wina anati: "Akuoneka wofatsa bamboyu, wamukalipiriranji?"

Winanso anati ndiwagulire agogowo mandasi okwanira.

Tinkhope toseka tinagwanso. Chawa ankawerenga akuseka, koma kusekako kunayamba kuchepa meseji iliyonse ikalowa. Awa ndi anthu amene anakhala naye m'kalasi zaka zinayi, amene ankaimba dzina lake kubwalo la mpira, amene anawaseketsa m'mawa womwewo. Panalibe ndi mmodzi yemwe womuzindikira. Kunena zoona mtima unandiwawa, ndipo ndinadandaula kuti ndamukakamiza.

Anaika foni pabondo, n'kudina ndi chala chake chija. Zinamutengera kanthawi. Analemba mawu awiri: "Ndine Chawa."

Gulupu yathu, imene sikhala chete ngakhale nthawi ya ulaliki, inangoti zii.

Kenako foni yake inalira. Osati meseji, kuimba kwenikweni. Anali Tiyamike, ndipo kulira kwake ndinkakumva ndili pomwe ndinakhalapo.

"Iwe Tiya, tonthola, sindinafe," anatero Chawa. "Ukalira chonchi pa maliro anga udzalira chiyani? Inde ndibwera. Koma wina adzanditenge, ndipo mundipezere mpando wautali, osati masofa ako omira aja. Komanso pasapezeke wondipempherera tisanadye."

Atadula ameneyo analowa wina, kenako wina. Ena ankapepesa, ena ankakalipa kuti anawabisiranji, mmodzi anangofunsa njira ya ku Mgona n'kudula. Chawa ankayankha onse ndi lilime lake lolemeralo, ndipo palibe amene anamuuza kuti alankhule msanga. Anandilola kulemba nkhaniyi, koma anati ndinene poyera kuti nsapato ija ndinapukuta ndekha ndi pepala lokulungira mandasi. Ndanena.

Pomuperekeza kokwerera minibasi yobwerera, ndinaona kuti nanenso ndiyenera kudzitchinjiriza pang'ono.

"Pepa mesho," ndinatero. "Chinandisokoneza ndi chipewa chija. Chimafika m'maso."

Anaima, n'kutsamira ndodo.

"Chipewa? Mwezi watha ndinalibe chipewa."

"Mwezi watha?"

"Pa siteji yomwe ija. Iwe unali pampando wakutsogolo. Unatsika, n'kunditsegulira chitseko bwinobwino, n'kunena kuti khalani apa agogo, ine ndipita kumbuyo." Anamwetulira mbali imodzi ya pakamwa, mbali imene ikugwirabe ntchito. "Ndinati ee, mesho wanga analeredwa bwino. Ndinakuyankha kuti zikomo kwambiri, mokweza dala. Kenako ndinadikira ulendo wonse mpaka m'tauni, kuti mwina mawuwo uwakumbukira."