Ndowa Yofiira Sinkalowa Kwathu

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, sukulu yathu ku Ndirande inali itasefukira. Boma latsopano la matipate linali litangochotsa fizi, ndipo ana anabwera onse, ngakhale aja anali atayamba kale kumera ndevu. Walira mvula walira matope: tinkaphunzira pansi pa mitengo, fumbi likulowa m'kamwa. Koma chimene chinkaperewera si makalasi okha. Aphunzitsi nawo ankatha. Wina ankayamba kutsokomola teremu yoyamba, n'kumaboola lamba wake mabowo atsopano, pofika teremu yachitatu tikukaimba nyimbo pakhomo pake. Dzina la matendawo aliyense ankalidziwa, pawailesi ankalitchula tsiku ndi tsiku kuti Edzi, koma pakamwa pa anthu silinkatuluka. Ankangoti "zomwezi", ena "matenda a boma". Ife ana tinkati kaliwondewonde.

Amadamu athu a sayansi, mayi wamfupi wosakonda zachibwana, ndi amene anayambitsa gulu. Anati Lachitatu masana ndi Loweruka m'mawa tizipita kunyumba za odwala osowa owasamala, tizikatunga madzi, kuchapa ndi kusesa. Kutchalitchi anatipatsa ndowa zapulasitiki zofiira, zatsopano, zonunkhira kusitolo. Ine ndinalembetsa msanga, ndipo chinandikoka kwambiri ndi ndowayo. Kwathu tinali ndi chidebe chimodzi chachitsulo, chimene tinkachimata sopo pansi kuti chisadonthe.

Munthu wotsegula m'mimba miyezi ndi miyezi amafuna madzi kuposa dimba. Zofunda zimachapidwa lero, mawa zichapidwenso. Madzi tinkatunga pampopi wa kumunsi, pamene mzere unkayamba kusanache, ndipo mpopiwo ukauma tinkatsikira kumtsinje wa Nasolo, kumadzi amtundu wa tiyi. Kenako tinkakwera phiri ndowa zili pamutu, m'tinjira todutsa pakati pa zimbudzi ndi makhitchini a anthu.

Nyumba yoyamba imene anatituma inali ya amayi ena ogulitsa makala. Amuna awo anali gone m'nyumba. Atationa tikulowa pampanda, amayiwo anatola tsache.

"Wakutumani ndani? Mwamva kuti pano pali maliro? Chokani, ana opanda mwambo!"

Tinathawa madzi akutayikira kumsana. Loweruka lotsatira amadamu anati tibwererenso. Tinawapeza amayi aja atakhala pakhonde, mulu wa mabulangete pambali pawo, maso ali psuu. Sanatilonjere. Anangopinda miyendo kuti tidutse. Tinawatungira madzi mpaka amuna awo anamwalira, mvula isanayambe.

Pofika nthawi imeneyo Ndirande yonse inali itatidziwa. Anthu a kwathu maso ndi akuthwa, pakamwa ndiye osanena. Azibambo a pabawo ankati ndowa zofiira zikalowa pakhomo, akalipentala ayambe kupala matabwa. Ife tinkaseka nawo, koma eni nyumba za lendi sankaseka. Palibe amene ankafuna kuti munthu afere m'nyumba yake, chifukwa chipinda choferamo munthu wa zomwezi chinkakhala miyezi chopanda wolowa. Ndiye akangoona ndowa zathu, mawu anali amodzi: wodwalayo apite kumudzi, akaonane ndi abale ake. Tinaonapo mnyamata wina amene tinkamuchapira akukwezedwa pa matola atakulungidwa m'bulangete, mphika ndi wailesi zili pamiyendo.

Ife kumudzi tinalibe. Agogo anachokera ku Mozambiki wapansi, nagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo moyo wawo wonse osakhala ndi malo awoawo ngakhale odzala chinangwa. Amayi anabadwira m'nyumba za esiteti, ndipo agogo atamwalira nyumbayo inalowa wina. Bambo anali atatisiya zaka ziwiri m'mbuyomo, anthu ankati ndi chifuwa chachikulu, ndipo abale awo atatenga njinga ndi makina osokera sitinawaonenso. Kwathu kunali chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa nyumba yaikulu ya alandilodi, mayi wonenepa amene ankatha tsiku ali pampando pakhonde, akuona aliyense wolowa ndi wotuluka. Tinatsala awiri, ine ndi amayi, ndipo chotidyetsa chinali zitumbuwa zimene amayi ankagulitsa kwa ogwira ntchito m'mafakitale ku Makata.

Amayi anayamba ndi mashingozi, matuza otentha ozungulira nthiti. Atapola kunabwera chifuwa, kenako m'mimba. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti sindinafunike kuuzidwa ndi munthu. Ndinali nditachapa zofunda zambiri za anthu oterowo, ndipo fungo lake ndinkalidziwa. Tsiku limene ndinalimva m'nyumba mwathu ndinatuluka, n'kukaima kuseri kwa bafa. Ndinachita mantha amene sindinawachiteponso mpaka lero.

Kuyambira pamenepo ndowa yanga yofiira sinafikenso pakhomo pathu. Ndinkaisiya kwa mnzanga wina wa m'gulumo, mtsikana wamtali amene tinkakhala naye mwala umodzi pansi pa mtengo wa kalasi. Ndikamaliza kutungira odwala a eni, ndinkathamangira kwathu kukatenga chidebe chodontha chija n'kukaimanso pamzere. Pofika pamwamba madzi ankakhala atatsala theka, ena onse ali pa yunifolomu. Zofunda za amayi ndinkachapa chitseko chili chotseka, ndipo ndinkaziyanika m'nyumba momwemo pa chingwe, chifukwa chingwe cha panja chimaulula. Sizinkauma bwino. Amayi atasiya kupita ku Makata, m'mawa ndinkayatsa mbaula n'kutenthetsa timafuta m'chiwaya kuti pakhomo pazimvekabe fungo la zitumbuwa. Alandilodi akafunsa ndinkati ndi malungo.

"Malungo a chaka chino ndi okakamira, eti," ankatero, akundiyang'ana kuyambira kumapazi.

Mnzanga uja anayamba kuona. Ndinkasinza m'kalasi, mayeso ali pafupi, ndipo manja anga anali atang'ambika ndi sopo.

"Iwe, amayi ako ali bwanji? Sindikuwaona ku Makata masiku ano."

"Ali bho."

"Tibwere Loweruka? Tingouza amadamu, basi."

Ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka anakuwa. Ndinamuuza kuti ndikangoona ndowa yofiira pakhomo pathu ndidzaiswa, iyenso ndidzamuswa. Anangoyang'ana pamene ndinamugwirapo.

Mwezi wa Okutobala mpopi unauma sabata yathunthu. Tsiku lina masana nditabwera kusukulu ndinapeza chitseko chili pululu. Amayi anali pansi pafupi ndi beseni, atagwa chammbali. Anali atadziipitsira, ndipo pofuna kuti ndisaone anayesa kuchapa okha ndi timadzi ta m'ketulo. Ndinawadzutsa. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu wouma. M'nyumba munalibe ngakhale dontho loti ndiwapukutire. Ndinawagoneka, n'kuthamanga wopanda nsapato mpaka kwa mnzanga uja, ndipo nditafika ndinamuululira zonse.

Iye ndi amene anakonza nzeru. Anati abwera ndi atsikana ena a m'gulu, koma opanda ndowa zofiira ndiponso opanda yunifolomu. Abwereka zidebe zakale kwa amayi awo, avala zitenje, azilowa mmodzimmodzi makope ali kukhwapa ngati tikuwerengera mayeso limodzi. Tinaona ngati ndife ochenjera kwambiri. Madzulo amenewo amayi anasamba thupi lonse, ndipo m'nyumba munali madzi oti agone mpaka mawa. Ndinadya chakudya ndikuchimva kukoma, koyamba patapita nthawi yaitali.

Sipanathe masabata awiri. Alandilodi anandiitana pakhonde pawo anzanga atangochoka.

"Mtsikana iwe, ndowa mwasintha. Nanga nkhope musintha liti?"

Ndinayang'ana pansi, iwo n'kupitiriza.

"Wamtali uja ndinamuona kwa mnyamata anakwera matola uja. Winayo ndinamuona kwa amayi a makala. Iweyonso ndimakudziwa. Ukuganiza kuti ndimakhala pano ndikuwerenga ntchentche?"

Ndinagwada pansi, pafumbi. Ndinawauza kuti lendi sitinaphonyepo, kuti ndizisesa bwalo lonse, kuti ndiziwatungira madzi ulere.

"Si nkhani ya lendi. Mwezi ukatha mundipatse kiyi. Amayi ako apite kumudzi asanafooke."

"Kumudzi kulibe, amayi."

"Palibe munthu wopanda kwawo," anatero, n'kutembenuzira mpando wawo kumsewu.

Masiku otsatirawo sindinapite kusukulu. Ndinayenda Ndirande yonse kufunafuna chipinda, kuyambira kumsika mpaka kumapeto kwa nyumba m'mphepete mwa phiri. Zipinda zinalipo, zina ndinkaziona ndi maso anga zili zopanda makatani. Koma ndikangoti odi, mwini nyumba ankandiyang'ana kaye n'kufunsa kuti, "Iwe si wa ndowa zofiira uja? Wodwala ndi ndani?" Wina anandiuza kuti ndisaponde n'komwe pakhonde. Amadamu nawo anayesa kufunsa kutchalitchi, koma m'kanyumba ka kumeneko munali kale mabanja awiri. Ndinayamba kuyang'ana zigoba za nyumba zosamaliza ndi maso ena, ndikuyeza ngati pepala lapulasitiki lingakwane padenga, mitambo ya mvula itayamba kale kusonkhana. Amayi sindinawauze kanthu. Ndikabwera ndinkanama kuti kusukulu kunali bwino.

Kutatsala masiku ochepa kuti mwezi uthe, ndinadutsa pamene amayi a makala ankagulitsira. Sindinawaganizireko n'komwe. Iwo ndi amene anandiitana.

"Iwe, tabwera kuno. Ndamva ukuyenda khomo ndi khomo ngati wogulitsa bonya. Bwanji kwanga sunafike?"

Ndinati ndimaopa kuwavutitsa.

"Kundivutitsa chiyani? Ndowa zanu zija zinalowa kale kwanga, anthu ananena zonse zimene amafuna kunena, zinatha. Chipinda anagonamo malemu chili chomwecho, palibe akuchifuna. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kawatenge amayi ako."

Ndinakhala pansi pakati pa matumba a makala n'kulira mokweza, ogula akundiyang'ana. Iwo anangopitiriza kuyeza makala m'timapepala.

Tinasamuka Loweruka m'mawa. Panalibenso chobisa, ndiye gulu lonse linabwera ndi amadamu, mu yunifolomu, aliyense ndi ndowa yake yofiira. Mbale, makapu, chiwaya cha zitumbuwa, nsapato za amayi za kutchalitchi, zonse zinalowa m'ndowamo. Katundu wathu yense sanadzaze ndowa zonse, ena anangonyamula zopanda kanthu. Alandilodi anali pampando wawo, ndipo anthu a mizere yoyandikana anatuluka kudzaonerera. Anyamata awiri a m'kalasi mwathu anabwereka wilibala, tinayalamo bulangete, n'kuwakhazikamo amayi.

Ndinkaopa kuwayang'ana kumaso. Ndinkaganiza kuti akaona ndowazo adziwa zimene Ndirande yonse ikunena za iwo. Mnzanga wamtali anandipatsa yanga, ija inkagona kwawo, ndipo ndinaigwirira kumbuyo ngati chinthu chakuba.

"Tabweretsa ndione," anatero amayi.

Ndinawapatsa. Anaitembenuza, n'kuigogoda pansi ndi chala, monga ankachitira pogula ziwiya pamsika.

"Imeneyi ndi imene umandibisira miyezi yonseyi? Mwana iwe, ine ndinadziwa kalekale, bambo ako asanaikidwe n'komwe. Ndimangokumvera chisoni ndi chidebe chodontha chija." Anapuma kaye, chifuwa chitawagwira. "Ndi yabwino. Lero undisambitsire m'menemu."

Anaikumbatira pamiyendo ulendo wonse, wilibala ikugunda miyala, anthu akutipatukira m'njira.

Anakhala m'chipinda cha amayi a makala mpaka mvula itakhazikika. Zofunda zawo ndinkaziyanika panja, padzuwa, ndipo zinkauma tsiku lomwelo. Anamwalira Lachitatu lina masana, anzanga akukwera phiri ndi madzi awo. Madzi omwewo ndi amene azimayi a kutchalitchi anawasambitsira.