Amati Amangoyendayenda M'bwalo

Achemwali anga sadziwa mpira ndipo sanafunepo kuudziwa. Mwana wawo wachisamba atatengedwa ndi timu ina yaikulu ya ku Blantyre, iwo anangofunsa ngati kumeneko kuli tchalitchi pafupi, ndiponso ngati osewerawo amawapatsa chakudya chokwanira. Wailesi anayamba kumvetsera chifukwa cha dzina la mwanayo basi. Loweruka masana ankaiika pakhonde n'kumasenda nandolo. Dzina lija likatchulidwa ankaimitsa manja, likadutsa n'kupitiriza kusenda.

Ine ndiye ndinkadziyesa katswiri. Ndaphunzitsa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Mauwa zaka zambiri, ndipo nthawi yonseyo wenzulo wa masewera unkakhala m'thumba mwanga. Ndine ndinamuchotsa mphwanga ameneyu kutsogolo, kumene mwana aliyense amalimbirana kuti azigoletsa, n'kumuika pakati, nambala sikisi, malo olanda mpira ndi kutseka njira. Analira tsiku limenelo, koma malo amenewo ndi amene anamufikitsa m'tauni. Nkhaniyi ndinkaikamba paliponse, ngakhale pamaliro, mpaka anzanga ankaimaliza okha ndikangoiyamba.

M'chaka chake chachitatu kutimuko, mbiri inamveka yoti amukwezera malipiro kuposa anzake onse. Kuchuluka kwake aliyense anali ndi kwake. Akabaza a pa Nguludi ankatchula zina, ometa tsitsi zina, ndipo onsewo ankalumbira ngati anali pomwepo posainirana. Kenaka timu inayamba kuluza, ndipo anthu oimba foni ku wailesi anapeza womuloza chala. Ine anthu amenewa amandinyansa. Munthu sanathamangepo ngakhale kuthamangitsa nkhuku, koma akagula mayunitsi amasanduka kochi. Mawu awo anali amodzimodzi sabata iliyonse: ndalama zamuononga, mnyamata uyu amangoyendayenda m'bwalo.

Lolemba lina m'mawa ndikumwa tiyi, ndinangoona achemwali atulukira, atayenda wapansi kuchokera kwawo ku Likoswe, mapazi ali mbuu. Mpando anaukana, anakhala pansi pafupi ndi chitseko.

“Achimwene, mwamva zimene akulengeza za mwana wanu uja?”

“Za mpira?”

“Akuti ngoyendayenda. Pa wailesi, dziko lonse likumva. Ndiye akuti m'bwalo, poyera, anthu akuona. Dzulo kutchalitchi ndinakhala kumbuyo, sindinayang'ane munthu kumaso.”

Ndinaseka mpaka tiyi anandipalira. Kwathu kuno munthu woyendayenda ndi wachimasomaso, wosaugwira mtima, ndipo achemwali anagona usiku uwiri akuganiza kuti mwana wawo akulengezedwa za akazi. Ndinawafotokozera kuti anthuwo akutanthauza kuyenda kwenikweni, kwa miyendo, kuti pamene anzake akuthamanga iye amangoponda pang'onopang'ono. Ndinkayesa ndawatula katundu, koma ndinangowasinthira phewa.

“Ndiye kuti akulandira malipiro osagwira ntchito?”

“Ndi zokamba za anthu, achemwali.”

“Ine sindikufunsa za anthu. Ndikufunsa za mwana amene ndinamulera. Waganyu akakwirira udzu ndi dothi n'kubwera kudzalandira, timamutcha chani? Ine ndimafukula mzere ndi phazi ndisanapereke kanthu. Inu ndinu malume ake, mpirawo mumati mumaudziwa. Pitani mukaone ndi maso anu, mudzandiuze ngati ndinabereka wakuba.”

Mawu omalizawo anandiletsa kuseka. Mayi ameneyu analera ana anayi ndi khasu amuna awo atamwalira, ndipo chuma chokha chimene ankanyadira n'chakuti pakhomo pake sipanalowepo chinthu cha mwini. Ndinavomera kupita.

Loweruka ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kukwera ina yopita kubwalo. Mphwanga sindinamuuze kuti ndikubwera. Ndinakhala mbali yopanda denga, pakati pa masapota onunkha kachasu, ndipo ndinadzilamula chinthu chimodzi: sindiyang'ana mpira, ndiyang'ana iye yekha. Zimenezi n'zovuta kuposa mmene zikumvekera. Maso amathawira kumene kuli mpira okha, ndipo kangapo konse ndinachita kudzigwira chibwano kuti ndibweze mutu.

Zoonadi, ankayenda. Koma m'chigawo choyamba ndinaona kumene ankayendera. Mdani akagwira mpira n'kudzutsa mutu kufuna kupatsira mnzake wovala nambala teni, ankapeza mphwanga ataima kale pakati pawo, ngati munthu wongodutsa. Mpira unkabwerera m'mbuyo. Nambala teni uja, amene wailesi imamutama sabata iliyonse, anakhala mphindi zambiri osaukhudza, mpaka anayamba kukalipira anzake. Owulutsa mpira sangatchule zimenezi, chifukwa iwo amatchula amene ali ndi mpira kuphazi. Mpira umene sunaponyedwe chifukwa njira inatsekedwa, palibe amauona.

Bambo wina pafupi nane anakuwa kuti, “Mutulutseni ameneyo, akudya zaulere!” Ndinamutembenukira n'kumufunsa ngati waona kuti nambala teni wasowa. Anandiyang'ana ngati ndamupempha fodya, n'kupitiriza kukuwa. Pa nthawi yopuma mtima wanga unali mbee. Ndinagula chimanga chootcha, yankho la achemwali ndili nalo kale, ndipo m'mutu ndinali nditayamba kukonza mawu okawathira nawo akabaza a pa Nguludi.

Ndikanakhala wanzeru ndikananyamuka pomwepo. M'chigawo chachiwiri mpira unataika pakati, n'kugwera pamalo oti iye ndi mdani anali pa mtunda wofanana. Mpira wotere nambala sikisi amaulowa ndi thupi lonse, ndipo ndi ine ndinamuphunzitsa zimenezo pabwalo lafumbi. Anayamba kuthamanga, ndinaona. Atatsala masitepe awiri anafupikitsa phazi, n'kutembenuza thupi pang'ono kuti mwendo wamanja ukhale kumbuyo. Mdani anautenga mpira n'kudutsa. Sipanathe nthawi, zinachitikanso, kenaka kachitatu, ndipo kachitatuko kanabala chigoli cha adani. Bambo uja sanaone zimene ndinaona ine, ankangokuwa monga ankakuwira poyamba. Koma tsopano zinandiwawa kuti munthu wosadziwa kanthu angathe kulondola mwangozi.

Masewera atatha ndinamuimbira foni. Anadabwa, n'kundiuza kuti ndimudikire kuseri kwa bwalo. Tinakhala m'galimoto mwake mawindo atatseka, chifukwa anthu odutsa ankamenya bodi ndi manja n'kumatukwana.

“Amalume, bwanji osanena kuti mukubwera? Ndikanakupezerani malo abwino.”

“Malo amene ndinakhala ndimaona bwino. Chigawo choyamba wasewera mpira umene anthu awa sangaumvetse. Koma katatu konse wabweza mwendo. Wavulala?”

“Ayi.”

“Nanga n'chiyani? Ine sindinakuphunzitse zimenezo.”

Anapukuta chiwongolero ndi chala. Kenaka anandifunsa ngati ndikumukumbukira mnzake amene ankasewera naye pakati chaka chatha, wamtali uja. Ndinkamukumbukira. Anathyoka mwendo pa mpira ngati womwewo, wolimbirana. Timu inamulipirira chipatala, kontrakiti itatha sanamupatsenso ina, ndipo tsopano ali kwawo, amayenda ndi ndodo.

“Ndinapita kukamuona, amalume. Akazi ake ndi amene akugulitsa tomato kuti adye. Ine nyumba ya amayi yafika pamawindo, malata sindinagule. Mchemwali wanga ali chaka chachiwiri ku kozi ya unamwino. Ana a malemu amalume aakulu ali kusekondale. Kale ndikaona mpira ndinkangoona mpira. Pano ndikamaulowa ndimaona anthu onsewa ataima kumbuyo kwanga. Sindichita kufuna, mwendo umabwerera wokha.”

Ndinayang'ana pansi, ndipo pansipo panali nsapato zanga zachikopa, zimene anandigulira iye pa Khirisimasi. Foni imene ndinamuimbira inalinso yochokera kwa iye. Pa anthu amene anawatchula ine sananditchule, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa akanandinena. Ndinapita kukaweruza mwendo umene inenso ndinkaudya. Ndinachita manyazi kwambiri.

“Amayi musakawauze,” anatero ponditsitsa pa siteji.

Mu minibasi yobwerera ndinalimbana nazo. Ndikanatha kukamba za chigawo choyamba chokha, ndipo silikanakhala bodza. Ndikanatha kunena kuti a pa wailesi sadziwa mpira, zimenenso n'zoona. Koma funso la achemwali silinali limenelo. Kodi munthu amene akugwira ntchito yake mwanzeru, koma pamalo oopsa akudzisunga, akuba? Eni timu anamukwezera malipiro chifukwa cha mipira yolimbirana yomweyo, ndiye kunena zoona sakulandira zonse zimene anagula. Komanso eni timu omwewo mwendo ukathyoka amangotembenuka n'kugula wina. Ndinafika pa Nguludi ndisanapeze mbali yoti ndiimepo, ndipo mpaka lero sindinaipeze bwinobwino.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinapita ku Likoswe. Ndinawapeza achemwali atakhala pa mulu wa njerwa, pafupi ndi nyumba yosatha ija, akusankha nyemba. Moni anayankha mwachidule.

“Mwaona chani?”

“Si wakuba, achemwali. Ntchito amaidziwa kuposa onse amene anali m'bwalomo.”

“Koma?”

Anandilera ndi iwo, amadziwa ndikasiya mawu m'kamwa. Ndinawauza zonse, za mwendo wobwezedwa katatu, za mnzake wa ndodo, za malata. Pempho la mphwanga ndinaliphwanya ndikudziwa.

“Ndiye kuti akuopa,” anatero.

“Akuopa, inde. Koma sakuopa adani ake. Akuopa ife.”

Anapitiriza kusankha nyemba nthawi yaitali, kutaya zofumbwa kumbali. Kenaka anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti ndimuimbire mwanayo. Foni anaigwira ndi manja awiri monga amachitira nthawi zonse, n'kulankhula mokweza ngati Blantyre ali kutsidya kwa mtsinje.

“Bambo, ndine mayi ako. Amalume ako andiuza, usawakwiyire, ndinawatuma ndine. Tamvera. Ine ndagona m'nyumba yaudzu chibadwire, sindinafe. Amisiri ndikuwauza mawa kuti aime. Mchemwali wako akavutika tigulitsa mbuzi. Anthu akukulipirawo uwapatse zimene anagula, zonse. Ukathyoka ubwere kuno, munda ulipo, ndidzakusamala ndine. Koma usamadye za eni chifukwa cha ine, wamva? Ine ndisakhale chifukwa.”

Zimene anayankha sindinamve. Achemwali anangoti “Eya, eya,” n'kundibwezera foni. Kenaka anabwerera ku nyemba zawo.

Ine sindinagwirizane nawo kwenikweni, ndipo ndinawauza. Ndinati n'kosavuta kulamula mwendo wa wina kuti ukalowe pamoto. Anandiyankha kuti ndikanakhala ndi maganizo amenewo ndikanamusiya mwanayo kutsogolo kumene ankafuna, osamuika pamalo omenyana. Kuyambira tsiku limenelo nkhani yanga yonyadira ija sindinaikambenso.

Amisiri anaimadi, ngakhale mphwanga anawabwezeretsa patapita miyezi iwiri mayi ake asakufuna. Masabata otsatira dzina lake linayamba kumveka kawirikawiri. Oimba foni aja anatembenuka onse, wina mpaka kunena kuti iye ankadziwa kale kuti mnyamatayo ndi golide. Ena ankati kochi wamuopseza, ena ankati wapita kwa sing'anga. Palibe ankadziwa za mayi wokhala pa mulu wa njerwa.

Loweruka lina ndinapita kukamvera nawo limodzi, ndikuganiza kuti akondwa. Masewera ali pakati, wowulutsa anakweza mawu: awiri awombana, nambala sikisi ali pansi, sakudzuka, achipatala akulowa. Achemwali anaimirira, nandolo n'kumwazika pakhonde ponse. Panatha mwina mphindi imodzi, wowulutsa n'kunena kuti wadzuka, akutsimphina pang'ono koma apitiriza. Iwo anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi.

Sanaitsegulenso pa nthawi ya mpira mpaka lero. Loweruka masana amatenga khasu n'kupita kudimba, ngakhale kulibe chopalira, ndipo amabwerako dzuwa litapendeka. Ine ndiye ndimamvera, kenaka ndimawaimbira. Ndimayamba kuwauza zigoli, ndi mmene anthu akumutamira mwana wawo, koma amandidula ndisanamalize.

“Zimenezo zisiyeni, achimwene. Watuluka ndi miyendo yake?”