Phulusa la Inocência

Tsiku limene Inocência anagwada kuti azule kamtengo kotsiriza, kanali katatsala ndi masamba anayi, onse achikasu.

Inu amene mukuona ngati manja anu amangoononga zinthu, mverani nkhani ya mayi ameneyu wa ku Milange.

Mwamuna wake Belarmino anagwira ntchito ku mafamu a ku Joni. Anabwerako akudwala, atanyamula mbande zisanu ndi imodzi za mabuluberi, tizipatso tabuluu tomwe kwawoko palibe anali atationapo. Ankakhala pakhonde n'kumayang'ana mitambo ya paphiri la Tumbine.

"Zikadzapsa, mayi, mudzati thambo lagwera kuseri kwa nyumba yathu," ankatero.

Anamwalira mvula isanagwe.

Inocência anazisamala mbandezo mmene amayi ake ankasamalira mpiru ndi matimati. M'mawa uliwonse ankapala phulusa kukhitchini n'kuthira patsinde. Zikafota, ankawonjezera phulusa. Zisanu zinauma, ndipo iliyonse ikauma ankamva ngati waikanso maliro.

Tsiku lija, ali chigwadire pa kamtengo kotsalako, a Alcides okonza njinga, omwe paunyamata wawo ankathyola tiyi m'munsi mwa Tumbine, anasuzumira pampanda.

"Dona Inocência, mukulima mtengo kapena mukuphika thelele? Phulusa lonseli!"

"Ndiye chakudya cha mbewu, bambo."

"Osati zonse. Tiyi womera pomwe tinkatentha zinyalala ankachita chikasu chomwechi. Mitengo ina imafuna nthaka yowawasa, ndiye phulusa limapha kuwawasako. Kayeseni dothi la kumtunda."

Inocência anakhala pansi n'kulira. Zinamupweteka kwambiri kudziwa kuti mbande zija anazipha ndi manja omwe ankazikonda.

M'mawa mwake anakwera phiri nkhungu isanachoke, mpaka pomwe tiyi wakale anasanduka tchire. Anatsika ndi dengu la dothi pamutu. Anabwereranso kukatola masamba ouma a paini oyala patsinde. Kuthirira ankathirira madzi a mvula okha, otchera mumgolo.

Anthu a Mulungu sasowa chonena. "Anzake akusenza chimanga, iye akusenza dothi. Kwawo kulibe dothi?"

Chaka choyamba kamtengo kanangoleka kufa. Chachiwiri kanatulutsa nthambi zofiirira, basi. Inocência ankati akatseka maso ankaona kuseri kwa nyumba kuli buluu yekhayekha, Belarmino akuyenda pakati pake wosatsokomola. Akatsegula, kamtengo kamodzi ndi nkhuku.

Chaka chachitatu kanachita timaluwa toyera tolendewera ngati timabelu ta kutchalitchi. Kenako tizipatso khumi ndi tiwiri. Inocência anathyola kamodzi, nakayang'anitsa padzanja, n'kuyang'ana kumwamba. Mtundu wake unali womwewo.

"Simunaname, bambo," ananong'ona, akukumbukira mawu a Belarmino.

Lero kuseri kwa nyumba ija kuli mitengo makumi anayi, yonse yochokera ku nthambi za kamtengo kaja. Amalonda amawoloka ndi zipatso zake pamalire a Muloza kupita ku Blantyre, ndipo omwe ankaseka aja amabwera kudzapempha mbande. Inocência amawapatsa, koma amayamba wawalozera mulu wa phulusa uli patali, pafupi ndi mpiru.

Mwina nanunso mwatsala ndi kamtengo kamodzi ka masamba anayi. Mwina khama muli nalo, kungoti mukuthira phulusa posafunika phulusa. Funsani, sinthani dothi, dikirani. Mtima usagwe, ndipo kamtengoko musazule.